Madzi Akuda Amene Ankayera Usiku

Lolemba madzulo, mayi woyeza madzi ku ofesi ya zachilengedwe anatsekera mabotolo asanu mufiriji. Madziwo anatunga yekha mumtsinje, kumunsi kwa fakitale ya zikopa, akuda bii, onunkha ngati mazira owola. Kutacha anawapeza ali mbee, mapepala amene anamata yekha ali pomwepo.

Anakatunga ena. Nawonso anayera usiku umodzi.

Mphekesera zinayamba. Ena ankati eni fakitale ndi okhwima. Wosesa ananong'ona kuti usiku mumamveka madzi akukhuthulidwa m'chipinda chokhoma cha firijicho, koma ukasuzumira pazenera suona munthu. Woyezayo ankangokukuta mano. Mwana wa mchemwali wake, amene ankasamba mumtsinjewo, anali ndi zilonda miyendo yonse, ndipo mlandu wa fakitale unali wolowa m'khoti Lachisanu.

Lachinayi anatsekeramo mabotolo ena, koma sanaweruke. Anazimitsa magetsi n'kukhala pansi kuseri kwa kabati. Firiji inkalira, kenaka n'kukhala zii, mdima n'kumamveka ngati ukupuma. Patapita nthawi yaitali, kiyi anatembenuka pang'onopang'ono. Munalowa mapazi opanda nsapato. Firiji itatseguka, kuwala kwake kunaonetsa dazi limene mayiyo ankalipatsa moni m'mawa uliwonse. Madzi anayamba kukhuthukira musinki.

"Bwana!"

Mkulu wa ofesiyo anadzidzimuka.

"Tsitsani mawu, mayi," ananong'ona. "Khoti likaona madzi awa, fakitale itsekedwa. Anthu mazana anayi akhala pakhomo, amuna anu omwe. Mudzadya lamulo?"

"Ndiye ana awole miyendo kuti ife tidye? Si inu munalumbira kusunga lamulolo?"

"Analilemba ndi anthu okhuta."

"Nanga madziwa akumwa ndi okhutawo?"

Mayiyo anawalanda botolo lomaliza.

"Masiku enawa sindinali ine," anatero bwanayo. "Ine ndayamba lero. Kiyiyu ndamupeza patebulo panga, popanda kalata."

M'khonde munamveka nsapato zolemera, zosafulumira, ndipo zinadzaima pakhomo. Kiyi wina anayamba kufufuza bowo la loko.

Bwanayo anatsamira chitseko ndi msana. "Pazenera, mayi. Thawani!"

Lachisanu mayiyo anaimika botolo lija pamaso pa woweruza. Loya wa fakitale anamwetulira: botolo logona kunyumba kwa munthu si umboni. Woweruza anapukusa mutu, nati lamulo likuterodi. Bwana, amene akanachitira umboni, sanabwere. Kunyumba kwake akuti sanafikeko chichokere Lachinayi, ndipo nsapato zake anazipeza m'khonde la ofesi, zitaikidwa bwinobwino.

"Si umboni eti?" anatero mayiyo.

Anatsegula botololo. Fungo linadzaza khoti lonse, mpaka loya anatulutsa mpango. Mayiyo anakankhira botolo patsogolo pake.

"Imwani, bambo. Mwa lamulo ndi oyera."