Kusamuka kwa a Langton

Inu simunamvepo kanthu. Makutu muli nawo aakulu ngati zipande, koma amangotunga mphepo. Iwe Takondwa, ika foniyo pansi, manja azisenda nsawa, ndikuuzeni za munthu amene anasamuka atafa kale.

A Lonia a ku Pembamoyo anali ndi chithunzi chimodzi chokha cha amuna awo, a Langton. Anajambulitsa ku boma, pamsika, kwa Evans uja woyenda ndi kamakina kakang'ono ngati buledi. Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Pepala linkatuluka n'kubwerera, kutuluka n'kubwerera ngati lilime la buluzi. Koyamba lachikasu, kachiwiri lofiirira, kachitatu anthu aja ndi awa: a Langton mbali iyi ndi shati yawo yofiira, a Lonia mbali iyo ndi duku lobiriwira. Evans anati chithunzi chotere adzachiona adzukulu a adzukulu.

A Langton anamwalira. Tinalira, tinameta, zaka zitatu zinadutsa chithunzi chili pakhoma bwinobwino. Kenako anayamba kubwera a Agostino, aja oimba ng'oma m'kwaya, nawonso akazi awo anamwalira kale. Anabweretsa mphatso, buku la mapemphero la chikuto cha pulasitiki wofewa, chokhala ndi kathumba mkati. A Lonia manyazi anawagwira, poti mlendo akamayamba nkhani ya banja, a Langton pakhomapo maso ali tong'o. A Lonia anachotsa chithunzi chija n'kuchilowetsa m'kathumba, buku n'kulisanjika pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa malata. Unali Okutobala, mwezi uja nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

A Agostino anapempha kuti yankho alimve mvula isanagwe. A Lonia anati adikire kaye.

Patapita masabata awiri anatsitsa buku lija kuti aone amuna awo. Chithunzi chinakana kutuluka. Anakoka pang'onopang'ono, chinamatuka ndi kaphokoso ngati munthu akutsonya. Shati yofiira ija inali itasuluka ngati madzi otsukira mphika wa nyemba. Anachibwezera momwemo msangamsanga. Usiku umenewo malata anayamba kulira, tha, kenako zii, kenako tha, pamwamba pa buku pomwepo. Malata amalira m'nyumba iliyonse akamazizira, komatu kamuuze wamasiye zimenezo.

Sabata yotsatira, makutu a a Langton palibe. Ina, mphuno yapita. Koma a Lonia pambalipo ali chiimire, duku lawo silinasinthe ngakhale pang'ono. Apa ndi pamene ine tulo tinandithera, osati ndi mantha ayi, koma funso: ngati ndi kutha kwa chithunzi, kungasankhe bwanji munthu mmodzi?

Kumjigo nkhani inali yomweyo. Alongo awo a malemu ankati a Langton akwiya, sakufuna ng'oma pakhomo pawo. Ena ankanong'ona kuti a Agostino ali ndi kachitumwa kofufutira mnzawo. M'kwaya anthu anayamba kuwasiyira benchi yonse okha.

Tsiku lina a Lonia anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Anzanga, atsala maso okha. Akachoka masowo, a Agostino ndiwabwezera buku lawo, ine ndife ndekha."

Ndinawauza kuti tikamuone kaye mwini makina. Munthu anatilonjeza adzukulu a adzukulu, ife tangoona zaka zitatu.

Ku boma tinamupeza. Anachiyang'ana chithunzi, n'kufunsa kumene chimagona. A Lonia anatulutsa buku. Evans anavula chikuto chija, n'kuchikweza kudzuwa.

A Langton anali pamenepo, pa pulasitiki. Shati yofiira, makutu onse awiri, mphuno ija yonga ya atate awo. M'nyumba mwa mdima muja sankaoneka, koma padzuwa ndi awa. A Lonia anakhala pansi pafumbi.

Evans anatifotokozera kuti makina ake amalowetsa utoto m'pepala ndi kutentha. Utotowo ukamvanso kutentha kwina uli chigundire pulasitiki wofewa, umanyamuka n'kukalowa mmenemo. Kathumba kaja kanali kakafupi, kanaphimba mbali ya a Langton yokha. Anati chithunzi chotere chikakhala m'galasi, pamthunzi, chimatha zaka makumi awiri kapena kupitirira, koma padzuwa ndi pansi pa malata sichichedwa. Ndinamufunsa kuti bwanji sanatiuze kale. Akuti sitinafunse. Ine ndinafunsanso:

"Nanga masowa atsaliranji papepala, mwana wanga?"

Anakanda m'mutu. "Agogo, mwina utoto wakuda ndi wouma mutu. Mwina."

A Lonia anayang'ana chikuto, anayang'ana chithunzi, nthawi yaitali ndithu. Kenako anati: "Munthu wokwiya salowa m'nyumba ya mdani wake. Awa alowa okha m'mphatso ya mnzawo. Andimasula."

Mvula yoyamba inagwa yankho litaperekedwa kale. Ukwati tinavina, benchi ya kwaya inadzazanso. Buku lija a Lonia anapatsa a Agostino kuti azisunga ndiwo, ndiye Lamlungu lililonse akatsegula amapeza a Langton akuwadikira, opanda maso. Chithunzi anachiika m'galasi, pakhoma losafika dzuwa monga Evans ananenera: a Lonia ali chiimire, pambali pawo mbee, ndi timadontho tiwiri takuda.

Evans akuti timadonthoto titha kukhala zaka makumi awiri. A Agostino anamva zimenezo. Mpaka lero amadya atapatsa khoma limenelo msana, ndipo shati amakavulira kukhitchini.

Mwangoti pakamwa yasa, nsawa sizikusendeka. Iwe Takondwa, nyamuka ukanditungire madzi, a mumtsuko, osati otentha a m'chigubu aja. Ndingasuluke muli pompano.