Chigawo Chouma cha Khoka

Dzuwa linali litapendeka pamene Falida ankatembenuza matemba pathandala, mwana wake Maliyamu ali kumbuyo. Anatola nsomba imodzi, nainunkhiza, kenaka analavula. Inkanunkhira ubani, uja amafukiza pamaliro. Nsomba zovuulidwa tsiku lomwelo m'nyanja ya Chilwa!

Zinali nsomba za khoka la gulu. Chaka cha 1953, mabanja a m'mudzimo, Asilamu ndi Akhristu omwe, anatopa n'kubwereka khoka kwa mwini sitolo wina wa ku Songani, yemwe ankatenga theka la nsomba chonsecho madzi a Chilwa sanawapondepo. Anasonkha mpunga n'kugula ulusi. Banja lililonse linaluka chigawo chake, ndipo zigawozo anazilumikiza kukhala khoka limodzi lalitali. Lamulo anaika limodzi lokha: khoka silidulidwa, siligulitsidwa, silitayidwa, pokhapokha ambiri atakweza manja. Lamulolo ankalinyadira ngati mwana wachisamba.

Ndipo linkagwira khokalo, abale inu. Mabwato ankafika padoko akuchita kumwa madzi chifukwa cha kulemera. Msonkho unaleka kuthamangitsa amuna kutchire, ana anayamba kuvala.

Tsiku lina pokoka, chigawo cha Che Abudu, choyambirira kudzanja lamanja, chinatuluka m'madzi chili chouma ngati chayanikidwa padzuwa. Anthu anangoseka. Lachisanu lisanakwane, akazi a Che Abudu anagwa pachitsime osadzukanso. Mwezi wotsatira chinauma chigawo choyandikana nacho, cha a Grain. Mwana wawo wamkulu anadandaula mutu m'mawa, pofika masana amayi anali akulira.

Kuseka kunathera pomwepo. Dzuwa likamalowa, pakati pa nyumba pankamveka chinthu chikukwekwerezeka, koma ukasuzumira panja, kunja kuli zii. Mphekesera inati wina wakhwimira khoka. Wokhwima amapereka wa magazi ake, koma uyu anachenjera: polumikiza zigawo zija, anasandutsa mudzi wonse abale ake. A Shehe anawerenga dua, pemphero la Chisilamu, sizinathandize. Sing'anga wochokera ku chilumba cha Chisi anangoliyang'ana khokalo n'kukwera bwato lake, nkhuku imene anamupatsa kuisiya pomwepo.

Chigawo chachitatu chinali cha banja la Falida.

Madzulo a tsiku la matemba onunkhira ubani aja, mwamuna wake Twaibu anafika kuchokera kudoko nkhope ili pansi.

"Chauma chathu?" anafunsa Falida.

"Chauma."

"Ndiye mwangochisiya? Mpeni munalibe?"

"Lamulo, amake Maliyamu."

"Lamulolo labereka mwana kumbuyo?"

Twaibu analowa m'nyumba.

M'mawa gulu linakumana padoko, khoka litaunjikidwa pakati pawo. Falida anagwada m'matope pamaso pa Che Salimu, amene gulu linawasankha kuti azitsogolera.

"Chonde, Che Salimu, litenthedwe. Kapena dulani chathu chokha."

"Tikadula chanu, chiuma chotsatira, alongo. Chotsatiracho n'changa."

"Ndiye tenthani lonse!"

"Manja anena," anatero Che Salimu.

Che Abudu anayankhula atayang'ana kumadzi. Anati iwo anakwirira kale mkazi, ndiye abwererenso kukagwadira wa ku Songani, maliro aja akhale apachabe? A Grain anagwedeza mutu kuvomereza. Amene zigawo zawo zinali kutali, kudzanja lamanzere, analibe nazo changu. Aliyense mumtima ankati mfitiyo ikhuta isanafike kwa iye. Sanali anthu oipa ayi, ndipo n'chimene chimandiwawa. Anali anthu oti njala ankaidziwa bwino kuposa imfa.

"Ofuna kuti khoka litenthedwe, manja m'mwamba."

Falida anakweza onse awiri. Nkhalamba ina yosamva bwino inakwezanso, koma itaona anzake, inatsitsa. Falida anatembenukira mwamuna wake. Twaibu anali atakanikiza manja ake pakati pa mawondo, misozi ikutsika. Kaya anali mantha, kaya anali iyeyo, palibe anadziwa. Mfitiyo inali pomwepo ndithu, koma manja akakhala pansi onse amafanana.

Falida anadzuka, namangitsa nsalu ya mwana, n'kulowa njira ya kumtunda, matope ali m'mawondo. Asanapitirire minda ya mpunga, anamva amuna ayamba nyimbo yokokera khoka, mawu a Twaibu ali momwemo.

Anayenda mpaka dzuwa linafika paliwombo. Maliyamu, amene ankalira chichokereni kudoko, analeka kulira. Patapita kanthawi timiyendo take tinaleka kumenya m'chiuno mwa mayi ake, ndipo msana wa Falida unayamba kuzizira, kunja kukutentha chonchi.

Mayi wina wosenza nkhuni anamuimitsa panjira.

"Amayi, tamutsitsani mwanayo, mutu wapendama."

"Wagona," anatero Falida.

"Koma amayi..."

"Ndati wagona!"

Anakoka mfundo ya nsalu mpaka inamudula mpweya iye mwini, napitiriza ulendo.