Menyu Yodikira Munthu

Annemiek anatuluka kwa a Zwinkels basi yomaliza itapita kalekale, koma sanadandaule ngakhale pang'ono. Ntchito anali ataigwira, ndipo anaigwira bwino. M'chaka cha 1990 chimenecho, m'dera lonse la Westland kunalibe wina woweta kompyuta ngati iye, ndipo mwiniwakeyo sankadikira kuti muchite kumuuza.

A Arie Zwinkels, mlimi wa tomato wa m'nyumba zagalasi, ankaiopa kompyuta yawo ngati galu wa eni. Ikayaka inkaonetsa menyu yakale, mndandanda wosankhapo zochita, mizere piringupiringu, iwo n'kumangodina 1 ndi 2 basi. Annemiek anasesa zonsezo n'kuika menyu yatsopano ya mabokosi abuluu: 1 makalata, 2 zamsika, 3 feteleza. Pansi penipeni pa yakale ija panali mzere wolembedwa kuti MLONDA. Ataudina, sikirini inangoda bii, kadontho kokha kakuphethira pakona.

"Nanga ichi n'chiyani, bambo?"

"Kaya. Chimabwera chokha ndikachokapo. Ine ndimangochisiya."

"Zinyalala izi," anatero Annemiek uku akuchikopera padisiki, n'kuchifufuta. "Kompyuta isamadzilamule. Kuyambira lero izidikira inuyo."

A Zwinkels anakondwa, namupatsa khofi ndi bisiketi imodzi, chitini n'kutseka pompo monga timachitira kwathu kuno.

Panja chisanu chinali choluma makutu. Msewu wa m'mbali mwa ngalande unali utaundana, moti njinga yake ankangoikankha. Uku ndi uku nyumba zagalasi zinali kuwala chikasu, ndipo iye ankayenda akuimba mluzu. Mantha? Aaa, Annemiek ndi mantha zinali zotalikirana.

Atayandikira mlatho wa pafupi ndi manda a tchalitchi, magetsi onse anathima.

Mdima wandiweyani. Zii.

Posakhalitsa anayakanso, nyumba ndi nyumba, mpaka kutali. Annemiek anaseka yekha, nakankha njinga. Koma pamlatho, pomwe panalibe munthu, tsopano panaima mzimayi.

Anavala jasi yobiriwira yogwirira ntchito, yopyapyala, yosamanga mabatani. Magalasi ake a maso anali omangidwa mwendo umodzi ndi kachingwe komangira tomato. Sanali kunjenjemera.

"Madzulo abwino, mayi," anatero Annemiek mokweza. "Simukumva kuzizira?"

"Menyu yako ndi yaulemu," anatero mzimayiyo.

Annemiek anaima.

"Mwati chiyani?"

"Ndi yaulemu. Imadikira munthu." Anatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Koma usiku kulibe munthu, mwana wanga."

Fungo la masamba a tomato linamufika Annemiek m'mphuno, lamphamvu, ngati wangothyola nthambi. M'nyengo yachisanu, pamlatho! Anayang'ana zala za mzimayiyo: zobiriwira. Anayang'ana pakamwa pake. Mpweya wa Annemiek unkatuluka ngati utsi. Wa mayiyo... ayi. Panalibe.



"Arie wagona," anatero mzimayiyo. "Sadzuka. Sadzukapo chikhalire. Mapaipi ayamba kuzizira."

Mapaipi!

Apo ndiye mutu wa Annemiek unatseguka. Mlonda uja sanali zinyalala. Ndiye ankauza ng'anjo kuti itenthetse madzi oyenda m'mapaipi a m'nyumba zagalasi. Menyu yakale ikaona kuti palibe woidina, inkamuitana yokha. Tsopano magetsi athima n'kuyakanso, ng'anjo ikudikira kompyuta, kompyuta ikudikira munthu, munthuyo akuliza mkonono. Ndipo kuseri kwa galasi lopyapyala kuli mbande za chaka chonse cha a Zwinkels.

Anacheukira komwe anachokera. Atabweza maso, pamlatho panali poyera. Palibe mapazi. Geti lokha la kumanda... kwee... kwee...

Mayo ine!

Njinga anaiponya pomwepo. Anathamanga. Anaterereka, bondo pansi gu! Anadzuka. Kumbuyo sanayang'ane. Fungo lija linali naye, pafupi, paphewa penipeni, ngati wina akuthamanga naye limodzi popanda phokoso.

Anamenya chitseko ndi zibakera zonse ziwiri.

"A Zwinkels! Tsegulani! Dzukani, bambo inu!"

Anatuluka ndi zovala zogonera, maso ali psuu. "Iwe, nyumba ikupsa?"

"Ikanapsa bola! Kiyi wa ofesi, msanga!"

Mu ofesi anapeza menyu ija ili phee, mabokosi ake abuluu okongola, ikufunsa mwaulemu kuti SANKHANI. Annemiek anaitukwana. A Zwinkels anagwira paipi ya pakhoma, nkhope n'kusintha.

"Yafunda pang'ono chabe. Mbande zanga..."

"Sizifa. Patukani."

Manja a Annemiek ntchito yawo ankaidziwa. Disiki m'kati. Anabwezera Mlonda, namuika pamwamba pa zonse, n'kuuza menyu kuti ikaona zii, isadikirenso munthu. Anazimitsa kompyuta, nayatsanso, manja n'kuwapinda pachifuwa. Onse awiri anangoti maso tong'o. Menyu inabwera. Inadikira. Kenako sikirini inada bii, kadontho kaja kakuphethira pakona.

Kuseri kwa khoma ng'anjo inabangula. Mapaipi anayamba kulira, tho, tho, tho.

A Zwinkels anakhala pampando ngati thumba. "Mwana iwe uli ndi mutu. Wakumbukira bwanji uli panjira?"

Annemiek akanatha kuvomera, pajatu kutamandidwa ankakukonda. Koma fungo lija linali lisanamuchoke.

"Sindinakumbukire. Andiuza mayi ena pamlatho. Kaya ndi antchito anu? Akukutchulani dzina, akuti Arie."

"Antchito anga onse ndi amuna."

"Avala jasi yobiriwira. Magalasi awo ndi omanga ndi kachingwe ka tomato."

A Zwinkels anakoka kabati ya tebulo, natulutsamo magalasi, nawaika pafupi ndi kompyuta. Mwendo umodzi unali womangidwa ndi kachingwe.

"Ndinkamuuza kuti agule ena," anatero motsitsa mawu. "Ankati ayamba wamaliza kompyutayi. Usiku ankakhala pompa, akuti akundipangira wondilondera, poti ine ndikagona ndagona. Ndinkaseka. Sindinafunse n'komwe kuti n'chiyani."

"Ndi ndani, bambo?"

"Riet. Mkazi wanga." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tinamuika kuseri kwa geti la pamlatho paja, iwe usanamalize n'komwe sukulu."

Annemiek anakokera mpando pafupi, natsegula menyu, nafufuta mawu oti MLONDA. Pamalo pake analemba RIET.

Pakona ya sikirini kadontho kaja kanaphethira, ndipo fungo la tomato linatuluka m'chipindamo pang'onopang'ono.