Chikwama cha Mkazi wa Medhat

"Tapatukani abale, tapatukani! Mwamuna wa injiniya akudutsa! Iwe Sobhi, pukuta mpandowo, pakhale munthu wa viza yaitali!"

Umu ndi mmene Medhat ankalowera m'shopu yanga yometera kuno ku Deira, mumzinda wa Dubai. Mukanamuona! Chifuwa chinkayamba kulowa, mimba n'kutsatira, mwini wake n'kufika tiyi atazizira kale. Miyendo ankaitaya uku ndi uku ngati Dubai yense anagula ndi bambo ake, makiyi akuzungulira pachala, chonsecho galimoto analibe. Anali makiyi a chitseko ndi a sutikesi. Akakhala pampando, mpandowo unkalira kuti kwiii, iye amvekere, "Wamva? Ukulonjera bwana wake."

Ine sukulu ndinaithawa ndisanadziwe kulemba dzina la aphunzitsi, koma mitu ya anzanga a ku Iguputo ndaimeta mumzinda muno kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Mutu ngati wa Medhat sindinauonepo. Ndikamamaliza kumanja, kumanzere tsitsi linkakhala litamera kale.

Kwawo ku Damietta anali kalipentala, mwana wa kalipentala. Nzeru za m'mabuku zinali kwa mkazi wake, Nesma. Mayiyu anapanga kachipangizo konga bokosi la machesi kamene ukakamata pa thunthu la kanjedza kamamva kachilombo kakudya mtengowo m'kati, mtengo usanafote, n'kukuuza pafoni. Mabwana a nyumba ina ya kuno ku Dubai yolera timakampani tatsopano atakaona anaimirira n'kuwomba m'manja, nati, "Bwerani kuno, tikuthandizani kupeza viza yaitali imene amapatsa anthu obwera ndi nzeru zachilendo." Medhat sanafunse kawiri. Anagulitsa shopu ya bambo ake ndi matabwa omwe, ananyamula mkazi, mwana wawo Salma ndi thumba limodzi la zida, n'kudzatera kuno pa viza ya alendo, kudikira yaikuluyo.

Tsono lamulo lake ndi ili: viza imatuluka m'dzina la mwini nzeru. Mwamuna ndi mwana amalembedwa pansi pake. Mkazi akagwa, onse agwa.

Apa m'pamene tinkamupezerera m'shopu muja.

"Bambo a Salma, mwatsuka mbale lero? Mukawakwiyitsa mayi, ndege ikudikira!"

"Nsanje, amphawi inu!" iye ankayankha akumenya pamimba. "Inu mumagwadira mabwana onunkha thukuta kuti akusainireni. Ine bwana wanga amandiphikira nkhunda!"

Ndipo ankamukondadi. Fodya anasiya tsiku la ukwati, chifukwa chake osanena. Shisha, fodya wokokera m'botolo la madzi uja, akaiona ankapotoza nkhope. Mkazi akangotsokomola kamodzi, chimunthu chonsecho chinkathamangira kukhitchini kukawiritsa masamba a gwafa ndi uchi. Popita ku sitolo zikuluzikulu zija zozizira ngati firiji, ankanyamula mpango paphewa woti amufunditse. Ife tinkangoti, ameneyu anamudyetsa, ndipo anamudyetsa ndi mphika womwe.

Abale, chimwemwe chotere chimafunika kuchitsekera m'nyumba, chifukwa kunja kuno kuli maso.

Mapepala onse anayenda bwino. Chinatsala n'chimodzi chimene aliyense wofuna kukhala kuno amadutsamo: kukayezetsa magazi ndi kujambulitsa m'chifuwa. Nesma anapita ndi Siddig, mandubu wa nyumba yolera makampani ija, ndiye kuti munthu woyendetsa mapepala m'maofesi a boma. Siddig anali wa ku Sudan, wamtali ngati mzati wa magetsi, mkanjo woyera mbee, mawu osowa. Kwawo ku Omdurman anasiya mkazi ndi ana asanu. Akabwera kudzameta ndinkalankhula ndekha mpaka kukhosi kuuma, iye n'kungoti, "Mulungu alipo," n'kulipira.

Chithunzi chitatuluka, dokotala anamuitana Nesma. Pamwamba pa phapo panali kamthunzi.

Nesma anakadziwa kamthunziko. Ali mtsikana anadwala chifuwa chachikulu. Mayi ake anamutumiza kwa azakhali ake kutali, anthu n'kuuzidwa kuti wapita kusukulu. Atachira anamulumbiritsa: "Usadzauze munthu, ngakhale mwamuna wako. Kwathu kuno mtsikana wa chifuwa sakwatiwa, ndipo akakwatiwa amabwezedwa." Iye anasunga lumbirolo mpaka kuiwala kuti analumbira.

Dokotala anati, "Mwina n'chipsera chakale, mwina matenda adzuka. Muzibwera m'mamawa musanadye, tiyeze makhololo, kenako tidikire. Ngati adzuka, za viza ziyamba zaima."

Atatuluka anakhala pabenchi n'kulira. Shopu ya ku Damietta inali itapita. Salma anali atayamba kale kuyeza yunifolomu. Nanga Medhat, amene anauza Deira yense kuti ndi munthu wa viza yaitali?

"Bambo Siddig, ndilumbirireni kuti simuuza amuna anga."

"Mayi, nkhani ngati iyi mwamuna amayenera kumva."

"Lumbirani, ndapota nanu! Zotsatira zikatuluka bwino, nkhaniyi ifera pompano."

Siddig anaika dzanja pachifuwa, nalumbira pa dzina la Mulungu. Munthu wabwino uja anadzimanga yekha chingwe tsiku limenelo.

Pansi pa nyumba ya a Medhat pankakhala Mayi Afaf. Mayi amenewa khosi lawo linali ndi masipuling'i. Ali pakhonde ankatha kuona mphika uli pamoto kumzinda wina uko wa Sharjah n'kukuuza kuti mchere wachepa. Tsiku lina anamutchingira Medhat pamasitepe, milomo atasongola chonchi, mawu akutuluka ngati mphaka wapondedwa mchira.

"Bambo a Salma, tikuyamikeni! Salma apeza mlongo wake eti?"

"Mlongo uti, mayi?"

"Aaa, ndiye simukudziwa? Pakamwa pangapa! Ine ndimangoona mayi akutuluka m'mamawa osadya, nkhope ili mbuu, pobwera atagwira kampango pakamwa. Ndinati ndi mimba basi. Komatu mwayi muli nawo, wamtali uja amawasamala bwino. Mpando wakutsogolo, chitseko kuwatsegulira. Inu pumulani, ntchito ena akukugwirirani."

Medhat anaseka, koma kuseka kwake kunathera pammero.

Lilime, abale anga! Lumo langa likacheka munthu ndimapaka mankhwala, mawa wachira. Koma lilime limacheka m'kati, kumene kulibe wopaka. Ndipo linapeza pofewa, chifukwa nthabwala zonse za kutsuka mbale zija Medhat ankaziseka masana, koma zinkagona naye. Mwamuna wolembedwa pansi pa mkazi, wopanda shopu, wongokonza zitseko za makabati a anzake mobisa chifukwa viza ya alendo siilola ntchito. Anayamba kudzifunsa kuti mkazi wophunzira chonchi akusungiranji kalipentala.

Masana amenewo chakudya chinazizira patebulo.

"Mayi a Salma, m'mawa munapita kuti?"

"Za viza."

"Za viza dzulo, za viza dzana, za viza lero! Viza imeneyi amaiumba ndi dothi?"

"Musakweze mawu, mwana akumva."

"Amve! Ofesi iti imatsegula anthu asanadye? Ndiperekezeni mawa, ndikaione."

"Simungapite."

"Sindingapite? Mwamuna wako sangapite, koma mzati wa magetsi uja ungapite?"

"Medhat, Siddig ndi munthu waulemu. Muchite manyazi."

"Ndichite manyazi ine? Ndinagulitsa shopu ya bambo anga chifukwa cha kabokosi kako ka machesi! Kachilombo ka mu mtengo umakamva, koma chimene chikundidya ine sukuchimva?"

Nesma anatsegula pakamwa. Mawu anafika pa mano, lumbiro la mayi ake linawabweza. Anangoti, "Dikirani pang'ono chabe, zonse zitha bwino."

"Zitha bwino kwa ndani?"

Anayamba kutsokomola chifukwa cha kulira. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, Medhat sanapite kukhitchini kukawiritsa masamba a gwafa.

Sabata imeneyo atabwera kudzameta sindinamuzindikire. Analowa yense nthawi imodzi, chifuwa, mimba ndi mwini wake. Makiyi anali m'thumba. Ndinayesa nthabwala zanga zonse, ndinamuyeseza Mayi Afaf, ndinamuyeseza Siddig akuwerama pachitseko. Pa Siddig anandigwira dzanja la lumo n'kuti, "Meta, Sobhi. Usalankhule."

Tsiku loti akamve zotsatira linafika. Nesma anakwera galimoto ya Siddig. Medhat anatuluka ndi thumba lake la zida ngati akupita kukakonza kabati, n'kukwera takisi kuwatsatira. Anaona galimoto ikulowa pachipatala. Mtima unati, mimba ija ndi yoona.

Tsono kuchipatala kumeneko amayi amalowa khomo lawo, ndipo kuchipinda chojambulira, kumene ankafuna kumujambulanso, salola zikwama. Nesma anamusiyira Siddig chikwama chake chofiira, chimene Medhat anamugulira ku Damietta ali pachibwenzi. Siddig anabwerera koimika magalimoto, dzuwa likuswa mtengo, chikwama cha mkazi wa mwini chili lende paphewa.

Kwathu mwamuna sanyamula chikwama cha mkazi pokhapokha mkaziyo ndi wake. Medhat ataona zimenezo, maso anachita mdima.

"Iwe! Chikwama cha mkazi wanga chikutani paphewa pako?"

"Mtendere ukhale nanu, bambo a Salma. Andisungitsa."

"Akutani m'katimo?"

Siddig anayang'ana pansi. "Zimenezo mukafunse akazi anu."

"Ndikufunsa iwe! Pali chimene ukudziwa chokhudza thupi la mkazi wanga chimene ine sindikudziwa?"

Munthu wina akanangonama. Siddig sankatha kunama, ndiponso sankatha kuswa lumbiro. Anati, "Chilipo. Koma ndinalumbira kuti sindidzakuuzani."

Nyundo ya bambo ake inali pamwamba m'thumba muja. Kamodzi kokha. Mzati uja unagwa pa phula lotentha, mkanjo woyera n'kusanduka mtundu wa chikwama. Nthawi yomweyo Nesma anali kutuluka pakhomo la amayi akumwetulira, chifukwa dokotala anali atangomuuza kuti n'chipsera chakale, matenda palibe. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kunyanja, ndipo apa sindikuwonjezera ngakhale pang'ono.

Siddig anamwalira asanalowe naye m'chipatala chimene chinali pamphuno pake.

Kukhoti Medhat sanakane. Anati, "Ndinamupha, ankayenda ndi mkazi wanga." Nesma atafunsidwa anati panalibe chilichonse pakati pawo, ankangopita kukayezetsa za viza. Ananena zoona, koma zoona zoduka mchira, chifukwa abale a Medhat anali atadzaza benchi yakumbuyo. Mchimwene wake wa Siddig anabwera kuchokera ku Omdurman, wamtali chimodzimodzi, ndipo atafunsidwa ngati banja likukhululuka anangopukusa mutu. Woweruza anagamula zaka khumi ndi zisanu, zikadzatha ndege, osadzapondanso dziko lino.

Viza ya Nesma inatuluka mwezi womwewo. Medhat nayenso anaipeza yake yaitali ija ankaiimba, yoposa ya mkazi wake, m'dzina lake lenileni, chakudya ndi pogona zaulere. Ndinayesa kuinena nthabwala imeneyi m'shopu. Palibe anaseka, ngakhale ine.

Taonani mmene zimakhalira: mayi analumbiritsa mwana kuti amuteteze, mwana analumbiritsa mlendo kuti ateteze banja, ndipo ana asanu ku Omdurman alibe bambo chifukwa cha kamthunzi kosakwana chala. Nsanje siifuna umboni, imangofuna kuti anthu akhale chete.

Tsiku loyamba kukamuona kundende, Nesma anandipempha kuti ndimuperekeze. Medhat anatulukira kuseri kwa galasi atametedwa mpala ndi munthu wosadziwa ntchito, mapewa atagwa, mapazi akukwekweza. Anatenga foni yolankhulirana ija osamuyang'ana.

"Wabwera kudzandionetsa mimba?"

"Mimba palibe, Medhat. Sinakhalepo." Nesma anapitiriza, "Ndili mtsikana ndinadwala chifuwa chachikulu. Sindinapite kusukulu chaka chija, ndinali kwa azakhali, ndikumwa mankhwala. Chipsera chinaoneka pachithunzi, ankandiyeza makhololo. Ndinaopa kuti viza ikanika, ndiponso kuti mukadziwa mundibweza kwathu. Siddig ndinamulumbiritsa ndine. Chimene anafera n'chimenecho."

Medhat anadzutsa maso n'kumuyang'ana, foni ili kukhutu. Kenako chimutu chija chinatsamira pagalasi, ndipo mapewa anayamba kugwedezeka.

"Chifuwa?" anatero. "Nkhani yonseyi inali chifuwa?"

"Ndikhululukireni, ndinakubisirani."

"Sunandibisire kanthu, Nesma. Azakhali ako omwewo anauza mayi anga tisanatomerane. Mayi anati ndikusiye, ine ndinakana. Ndinangokhala chete kuti usamachite manyazi pamaso panga. Umaganiza fodya ndinasiyiranji? Ndinkadziwa, mkazi wanga. Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba."