Nditengereni Kumene Munaigula

Anzanga apasiteji amanditcha Wokayika, ndipo sindikana. Ndayendetsa kabaza wa njinga yamoto zaka zisanu ndi chimodzi, mutu ukadali wathunthu chifukwa sindikhulupirira munthu. Aliyense woyamba kumene ntchitoyi ndimamuuza zomwezomwezo. Kukada, kasitomala umuone nkhope powala asanakwere. Uwauze anzako kumene ukupita. Anthu awiri usanyamule, olo alonjeze zingati. Akati ima apa nditaye madzi, iwe onjezera moto. Komanso uzimvetsera mmene wakhalira kumbuyoko. Munthu wamba amauma pakona, amakukoka malaya. Amene akupendekeka bwinobwino iwe usanapendekeke, ameneyo njinga amaidziwa, ndipo mwina akufuna yakoyo.

Lamulo limodzi ndinaliphwanya ndekha, loti njinga yopanda mapepala osagula. Koma wogulitsa anali mlamu wanga, makaniko, mwamuna wa mlongo wanga. Yanga yakale itafa injini, anandiitanira kugalaja kwake, kuseri kwa nyumba yawo, n'kuvundukula yofiira, penti yake yatsopano. Mtengo wake unali wongotaya. Mapepala anati abwera, mwini wake wasamuka. Nambala ya pa injini inali yopalapala. Ndinaona ndithu, koma ndinayang'ana kumbali. Mlamu ungamufunse ngati wapolisi, ana kunyumba akukuyang'ana m'manja?

Njingayo inali ndi khalidwe lake. Ikazima, sinkalira mpaka uipendeketse kumanzere kaye. Zimenezi ndinazitulukira ndekha patatha sabata, ngakhale mlamuyo sankazidziwa. Inabweranso ndi helemeti yakuda, yong'aluka kunkhongo, ya lamba wovuta. Ndinkabwereka makasitomala, ndipo aliyense ndinkachita kumumangira ndine.

Lachitatu lina mvula inagwa masana onse n'kudzakata cha m'ma seveni. Anzanga anali ataweruka, wotsala mmodzi atapita kukathira mafuta. Magetsi a mumsewu anali ozima. Kuseri kwa shopu yotseka kunatulukira munthu, atavala jekete lonyezimira lija timavala akabazafe, koma lofwifwa, lamatope. Ndisanamuunike ndi foni, anali atatenga kale helemeti ija pachiwongolero n'kuvala. Lamba anamanga ndi dzanja limodzi, kamodzi kokha.

Ndinadzitonthoza kuti mwina ndinamunyamulapo kale. Nditamufunsa kopita, anangoti tiyeni, andiuza kutsogolo. Mawu otere ine ndimatsitsa nawo munthu pompo. Koma chiyambire m'mawa ndinali nditanyamula anthu atatu okha. Ndinaliza injini.

Pakona yoyamba anapendekeka ine ndisanapendekeke. Yachiwiri chimodzimodzi. Pafupi ndi mlatho pali dzenje limene tsikulo linabisika m'madzi. Munthuyo anadzuka pang'ono pampando tisanafike pa dzenjelo, ngati akuliona. Ndinayang'ana pagalasi. Ndinangoona chigalasi chakuda cha helemeti, nkhope ayi. Msana wanga unkazizira, pomwe munthu akakhala kumbuyo umafunda.

Mumtima ndinati wakuba uyu, lero andipeza. Ndinaganiza zothamangira pamalo othirira mafuta, powala, pamene pamakhala alonda. Koma titangowoloka mlatho njinga inazima. Ndinaponda kamodzi, kawiri, kasanu. Mantha anandiiwalitsa zonse. Mbali zonse kunali mdima ndi phokoso la madzi mu ngalande.

“Ipendeketseni kumanzere,” anatero munthuyo.

Sanakweze mawu. Analankhula ngati akunena za mwana wake. Ndinaipendeketsa, ndinaponda, inalira. Kenako anaika manja pamapewa anga, ndipo kuzizira kwake kunadutsa jekete mpaka kumafupa.

“Nditengereni kumene munaigula.”

Maganizo anabwera ambirimbiri. Mwina ndi mwini wake amene anaberedwa. Mwina ndi wapolisi wosavala yunifolomu. Ndikanatha kumunamiza, kumusiya pagalaja ya wina aliyense, kapena kukhotera kupolisi. Ndinene zoona, panalibe mpeni, panalibe mfuti, sanandiopseze n'komwe. Ndinangoganiza za mutu wanga basi. Ndinakhota kumanja, njira ya kwa mlongo wanga.

Kumeneko kuli agalu awiri amene amauwa ngakhale ine amene ndimawaponyera mafupa. Tsikulo anangolira chapansipansi n'kukalowa pansi pa galimoto yakufa. Pawindo pankawala. Ndinkamumva mlongo wanga akukalipira ana kuti akasambe, mawu ake a masiku onse aja. Munthuyo anatsika. Munthu akatsika njinga imadzuka pang'ono, koma iyi sinagwedezeke. Anasisita thanki yamafuta ndi chikhatho, pang'onopang'ono, n'kutembenuka. Nyali yanga inamuunika kunkhongo. Pamng'alu wa helemeti uja pankatsika chinthu chakuda, kulowa m'kolala. Mvula inali itakata kalekale.

Geti ya pamenepo ndi yamalata, ndipo mlamu amaimanga ndi tcheni ikangokwana sikisi. Tchenicho sindinachimve. Ndinangoyang'ana pansi kuti ndiponde giya, podzutsa mutu munthuyo ali kale mkati, akuyenda chakugalaja.

Hutala sindinaimbe. Sindinaitane mlongo wanga. Ndinatembenuza njinga n'kuthawa, ine yemweyu wophunzitsa anthu kuchenjera. Kunyumba mayi a ana atafunsa za helemeti ndinati yagwa panjira. Ndinagona foni ili m'manja, nambala ya mlongo wanga ili pomwepo, koma chala chinakana. Manyazi ake mpaka lero amandiwawa.

Kutangocha kunamveka kugogoda. Anali mlongo wanga, atavala nsapato zosiyana, m'manja atanyamula jumbo. Anati amuna ake anatuluka usiku kuti akaone chimene chatontholetsa agalu, ndipo sanabwerenso. Iye ankaganiza kuti akumaliza ntchito, tulo n'kumuba. Anakawapeza mbandakucha atakhala pansi m'galaja, pamalo pomwe pankaima njinga ija, atavala helemeti. Lamba anakanika kumasula, mpaka anachita kudula ndi lezala.

Lero patha masabata atatu, mlamu sanalankhulebe. Amadya akamudyetsa. Ukamulankhula sayang'ana iwe, amayang'ana kumbuyo kwako. Achipatala akuti ndi sitiroko. Apasiteji amanong'onezana zina. Akuti miyezi ingapo yapitayo wakabaza wina wa dera lina anapezeka atafa mu ngalande ya pamlatho uja, atamenyedwa kunkhongo, ndipo njinga yake sinaonekenso. Ena akuti mlamu ankangogula n'kupenta. Ena akuti ayi, ankachita zoposa pamenepo. Ine ndikafika amasintha nkhani.

Njingayo ili pabalaza, ndinaifunditsa bulangete. Kuigulitsa ndikuopa, kuikwera ndikuopa, ndipo ndikaipereka kupolisi ndiye kuti ndapereka bambo wa ana a mlongo wanga. Koma chondisowetsa tulo si manong'onong'o apasiteji ayi. Ndi zimene zinachitika m'mawa uja mlongo wanga atamaliza kufotokoza. Anatulutsa helemeti m'jumbo muja, n'kuiika patebulo panga mosamala, mng'alu utaloza kwa ine. Sanalire. Anangondiyang'ana.

“Achimwene, njinga yanu ndimaidziwa kulira kwake. Dzulo inaima pageti. Munabwera ndi ndani?”