Sitika Yatsopano pa Makina a Magemu

Lachitatu masana, mvula ikukhuthuka pa Phalombe Boma, amuna awiri analowa m'nyumba yoonetsera vidiyo ya Cornelius. Mmodzi anasolola chikwanje. Koyamba anaphonya, chikwanje chinadya thabwa la makina a magemu. Kachiwiri chinapeza phewa la Cornelius. Anakweza makinawo pa pikapu n'kuthawa.

Mlongo wake wa Cornelius, Eveles, ankakhala ku Migowi, komwe ankatsuka ndi kupenta mafiriji akale. Loweruka m'mawa, akukonzeka kukamuzonda kuchipatala, panafika bambo wachilendo dzina lake Thomson.

"Mayi, ndili ndi makina a magemu kuseri kwa resitihausi. Mukachotse masitika onse, aoneke atsopano. Wogula abwera masana."

Eveles anakumbukira makina a Cornelius aja, koma anatenga lezala, kansalu ndi botolo la palafini.

M'chipinda cha kuseri kwa resitihausiyo munali makina amodzi okha. Anayamba kupala. Masitika akale ankanyenyeka, guluu wake wouma gwa, mpaka atamunyowetsa ndi palafini. Koma sitika imodzi ya m'mbali inamatuka mosavuta, guluu akadali wofewa. Pansi pake panali bala la chikwanje, thabwa likuyera mkati.

"Mwaima bwanji?" anafunsa Thomson ali kumbuyo kwake.

Eveles anaphimba balalo ndi kansalu. Ndi chigongono anagunda botolo, palafini yense waa pansi.

"Mayo ine! Ndikagule wina."

"Tipitira limodzi."

Anayenda pakati pa msika, Thomson ali phewa ndi phewa, dzanja lili m'jekete. Pagolosale ya mayi Alesi, Eveles anapempha palafini, kenako akuseka ngati akucheza, analankhula m'Chilomwe kuti uyu ndi amene anatema Cornelius, aitane apolisi apite kuseri kwa resitihausi.

"Mukuti chiyani?" Thomson anakwinya nkhope.

"Akuti palafini wanga ndi wosakaniza ndi madzi," anayankha mayi Alesi. "Mwano!"

Atabwerera, Eveles anapala pang'onopang'ono, thukuta likuyenderera. Thomson ankangosuzumira pawindo. Kenako anayandikira n'kukoka kansalu kaja. Anayang'ana balalo, n'kuyang'ana Eveles. Dzanja linatuluka m'jekete ndi mpeni.

Chitseko chinagwa ndi chidyali.

"Ponya pansi!" anakuwa Sajeni Kaliati wa polisi, mfuti ili m'manja.

Thomson anaulula mnzake tsiku lomwelo. Khoti linawapatsa zaka khumi aliyense. Cornelius anachira, koma mkono wake wamanja sunakwerenso kupitirira phewa.