Kugogoda Kwachitatu pa Galasi la Aphunzitsi

Zinayamba ndi nyerere. M'nyumba yoonetseramo matupi a anthu, pasukulu ina ya udokotala ku Bangkok, momwe fungo la mankhwala limathamangitsa ngakhale ntchentche, mlonda wa usiku dzina lake Prayong anapeza mzere wa nyerere utalunjika pabokosi lagalasi lakumapeto. Patsinde pake panali timbewu ta mpunga wophika.

M'bokosimo munaima bambo wina wosendedwa khungu mbali imodzi, minofu ndi mitsempha zili poyera. Anthu otere, amene anapereka okha matupi awo kuti ena aphunzirirepo, satchedwa mitembo. Amatchedwa Aphunzitsi Aakulu, ndipo ngakhale ana asukulu obwera kudzaona amayamba aphatikiza manja mwaulemu asanayambe kulozerana ndi kuseka.

Usiku wotsatira kunabwera kugogoda. Magetsi atazimitsidwa, makina oziziritsa akulira chapansipansi, Prayong anamva pagalasi paja: go, go. Kenako kunangoti zii, nthawi yoti munthu n'kumeza malovu kawiri. Ndiye kunamveka kugogoda kwachitatu, kofooka. Prayong ankakonda kudzitama kuti wachezera ndi akufa zaka khumi ndi ziwiri osatekeseka, koma usiku umenewo tochi anaigwira ndi manja awiri. Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi.

Mphekesera sinachedwe. Ogulitsa zakudya pachipata ankati Aphunzitsi atopa kuimirira. Ena ankati akufuna aotchedwe kukachisi, monga amachitira ndi maliro kumeneko. Koma a Dokotala Wichit, oyang'anira nyumbayo, zamizimu analibe nazo ntchito.

"Nyerere zikalowa umo, thupi latha," anatero. "Wina akulowetsa chakudya, ndipo mlonda ndinu. Ndikapezanso kambewu kamodzi, inu mukupita kwanu, thupilo likupita kuchipinda chapansi."

Prayong anakadandaula kwa a Thongbai, mayi wachikulire wosesa m'nyumbamo. "Amayi, inu mukamasesa simuona kanthu?"

"Ine maso anatha, mwana wanga, ndimangoona fumbi," anayankha. Koma atamva za chipinda chapansi, tsache linaima.

Usiku wachinayi Prayong anabisala kuseri kwa kabati ya mafupa. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako chitseko cham'mbali chinalira pang'onopang'ono, ndipo mapazi opanda nsapato anadutsa pafupi naye. Mumdimamo munafalikira fungo la nsomba yootcha. Wina anagwada, mbale inakhudza pansi. Go, go.

"Bambo, chakudya," linanong'ona liwu. "Tsabola ndachepetsa."

Prayong anayatsa tochi. "Amayi! Ndinu? Mukufuna ana anga adye chiyani?"

A Thongbai sanathawe. Anangodziphimba maso ndi dzanja. "Awa ndi amuna anga, a Sanan," anatero motsitsa mawu. "Anasaina pepala osandiuza. Ankati, moyo wonse ndapalasa njinga yonyamula anthu, sukulu sindinaiponde, bola ndikafa adzanditche mphunzitsi. Tsiku lomwe anamwalira, galimoto inadzawatenga. Anzanga onse pamaliro anagogoda pabokosi la amuna awo kuwaitanira chakudya. Nanga ine ndikanagogoda pati?"

Anapukuta mphuno ndi mpango.

"Ntchito yosesayi ndinaipempha chifukwa cha iwo. Zaka zitatu ndakhala ndikungopukuta galasi, anthu akuwaloza nthiti, ine chete. Anamwalira sabata ngati ino, ndiye mtima unandikanika. Kandineneni, palibe kanthu. Koma pansi paja asawatsitsireko, chonde. Mdima ankauopa kuposa mwana."

Prayong anayang'ana nkhope yatheka ija, imene anaidutsa usiku uliwonse osadzifunsa kuti inali ya yani. Chisoni chinamugwira, mkwiyo wonse n'kuthera pomwepo.

"Bwerani nacho mpaka sabata ithe," anatero. "Mbale ndizichotsa ine kusanache, ndizikolopanso. Nyerere zikafune kwina. Koma kugogoda katatuko muleke, amayi, mtima wanga si wachitsulo. Kwachitatu kuja ndiye kumandimaliza."

"Ine ndimagogoda kawiri basi," anayankha a Thongbai. "Bambowa ankadana ndi kuitanidwa kambirimbiri. Ankati kodi ndine wogontha?"

Atatero anatembenukira kugalasi ngati munthu wodikira. Manja onse awiri a mayiwo anali pamaondo, Prayong anawaona bwinobwino. Makina aja ankangolirabe chapansipansi.

Go.

Kunachokera mkati.

"Kwathu ankatero patebulo," anatero a Thongbai, misozi ili mbwee koma akumwetulira. "Ndiye kuti amva."

Prayong anavula chipewa. Anaphatikiza manja, tochi n'kugwa n'kugubuduzika pansi.

"Idyani, Aphunzitsi," anatero. "Musafulumire, mbale ndidikira."